Mkulu wa Njinga wa ku Shawlands

M'fulati yapansi pathu ku Shawlands, kuno kudziko la azungu, mumakhala mkulu wina wochokera ku France. Kwawo ndi katauni ka migodi ya malasha imene inatsekedwa kalekale, komwe anthu amakhamukirabe chaka chilichonse kukaonera mpikisano wa njinga. Mkuluyu amatsuka njinga yawo Loweruka lililonse, ngakhale kukugwa mvula. Akaona munthu akudikira basi amapukusa mutu n'kunena kuti, "Miyendo muli nayo, mukudikira chiyani?"

Chaka chatha anachitidwa opaleshoni ya m'chiuno, ndipo adokotala anawaletsa kupalasa. Anasiya kutuluka, ndevu n'kumangokula.

Ine ndinkapalasa kabaza ku Mzuzu ndisanabwere kudzasamalira okalamba kuno. Ndinamangirira khushoni pakaliyala ya njinga yanga n'kukagogoda pakhomo pawo kuti ndiwakweze.

"Ine si katundu," anatero.

"Kwathu ngakhale abusa amakwera kumbuyo, bambo."

Anakwera monyinyirika. Titafika pachitunda cha ku Queen's Park, anandimenya pamsana. "Sinthani giya, a Fryson! Mukupalasa ngati tikupita kumaliro!"

Masiku ano ndikaweruka kutchalitchi ndimawapeza pakhomo akundidikira. Iwo auza aneba onse kuti akundiphunzitsa kupalasa njinga.