Tsiku Limene Lenia Anagwadira Mwamuna wa ku Mwezi

Lenia anafika ku Perth yekha, kudzagwira ntchito yosamalira okalamba ku Murdoch. Mwamuna wake Prosper anabwera pambuyo pake, pa viza ya mkaziyo, atanyamula jekete imodzi ndi digiri ya za miyala. Lenia anathyoka msana kusambitsa makolo a eni ake kuti bamboyo apitirize sukulu.

Sukuluyo inabala. Prosper analowa m'gulu loyendetsa kagalimoto kofufuza miyala ku mwezi, ali khale pakompyuta mumzinda momwemo. Aliyense m'gulumo analoledwa kulemba dzina limodzi pa kachitsulo kopita kumwambako. Prosper analemba la Natalie, mzungu wa kuofesi kwawo, amene Prosperyo anamunamiza kuti banja lake ndi Lenia linatha kalekale. Kunyumba anali atachokako, ati akakhale pafupi ndi ntchito, ankhoswe osauzidwa kanthu.

Lenia zinamuwawa mpaka m'mafupa. Ku mwezi kulibe mvula kapena dzimbiri, ndiye kuti dzina la mkazi winayo lidzakhalako mpaka kalekale, la iye osaoneka ngakhale pa khadi lothokoza.

Kagalimoto katatera bwino pa mwezi, Amalawi a m'dera la Girrawheen mumzindamo anamukonzera Prosper phwando. Mnzake wa Lenia anamulangiza kuti akamuthire mwamunayo msuzi kumaso.

"Ayi asisi," anatero Lenia. "Ine ndikawapatsa ulemu wawo wonse, osasiyako."

Tsikulo Prosper anakhala patebulo lakutsogolo, Natalie pambali pake. Anthu ankangomutenga mzunguyo ngati bwana wa kuntchito. Nthawi ya chakudya itakwana, Lenia anatulukira atamanga chitenje, beseni ndi jagi m'manja. Anadutsa pakati pa holo mosafulumira, nagwada mawondo onse awiri.

"Sambani m'manja, bambo a Atusaye. Mwatichotsa manyazi, amuna anga."

Nthungululu zinalira. Prosper anafuna kubisa manja, koma azibambo ampingo anali kumuyang'ana, ndiye anawatambasula. Lenia anathira madzi pang'onopang'ono, mtima wake uli myaa.

Natalie anatembenukira Atusaye, mwana wamkazi wa Prosper, namufunsa kuti mayiwa ndani.

"Amayi anga. Akazi awo," mwanayo anayankha m'Chingerezi cha komweko.

Apo mkulu wampingo, wosadziwa kanthu, anagwira Natalie paphewa mwaulemu.

"Pepani madamu, tasunthirani uko. Mpando uwu ndi wa mayi a kunyumba."