Ufa Womwe Tinkabisa kwa Abiti Mussa

Ndikukumbukira chaka chimene mlongo wanga Yusufu anasiya kuyenda. Ine ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, iye asanakwanitse ziwiri. Tinkakhala m'mudzi wina kufupi ndi Nkhudzi, ababa akugwira ntchito m'boti la munthu wina. Yusufu anali atayamba kale kuthamangitsa abakha pabwalo, koma amayi atamuletsa kuyamwa chifukwa cha pakati pena, anakhala pansi osadzukanso. Mapazi anatupa, masaya anatupa, tsitsi linafiira n'kumathothoka pomusambitsa. Ukadina phazi lake ndi chala, kadzenje kankatsala pomwepo.

Anganga, omwe anabereka amayi, anangomuyang'ana kamodzi n'kunena kuti ndi tsempho. Sindinkadziwa tanthauzo lake. Ndinkangoona kuti mawuwo akatchulidwa ababa ankatuluka m'nyumba, amayi n'kuweramitsa mutu. Ndinadzamva nditakula kuti ababa ankawaganizira kuti anayenda ndi mkazi wina mwana akadali wamng'ono. Anganga anabwera ndi mizu ya kwa sing'anga, anamanga Yusufu kachingwe m'chiuno, ndipo pakhomo pathu panangokhala milandu. Za chimene mwanayo ankadya palibe anafunsa. Ankamwa phala la ufa woyera, lamadzimadzi, lopanda ngakhale mchere poti anganga anauletsa.

Kuseri kwa nyumba yathu kunkakhala Abiti Mussa, mayi amene anabwera kuchokera ku Mozambique nthawi ya nkhondo. Anthu ankawaseka chifukwa sankataya kanthu. Tsiku lina anatipeza tikukonola chimanga, Yusufu ali pamphasa, ntchentche zili kukamwa.

"Amake Yusufu, mwanayu ndi njala," anatero. "Mimba ikukhuta koma thupi silikudya. Ana otere ndinawaona ambiri pothawa nkhondo, ena tinawaika m'njira."

Amayi anayankha motsitsa kuti alibe choti n'kumupatsa, nsomba zonse ndi za mwini boti. Abiti Mussa analoza gaga amene ndinanyamula m'lichero kuti ndikathirire nkhuku.

"Nanga uyo? Nkhuku zanu zikunenepa, mwana akutha."

Ntchito yotolera inagwera ine. M'mawa ndinkapita kugombe kumene anthu amayanika usipa pa mathandala. Ndinkapempha eni ake kuti ndiyale thumba pansi pake, kuti timitu ndi zinyenyeswa zogwa potembenuza zisagwere mumchenga. Kenako ndinkayenda khomo ndi khomo kupempha nthanga za maungu zimene amayi ena amataya kudzala. Ine ndinabadwa wamanyazi. Kungonena "odi" pakhomo pa eni mtima unkagunda ngati ndaba. Anzanga anazindikira msanga. Ndikatulukira ndi thumba langa ankayamba kulira ngati tambala.

"Nkhuku ya Abiti Mussa yafika! Bisani gaga!"

Tsiku lina ndinafika ndikulira, n'kunena kuti sindipitanso. Abiti Mussa sananditonthoze. Anandipatsa munsi.

"Lira ukusinja, mwanangu. Akusekawo sadzabwera kudzakumba manda."

Ankapeta zinyenyeswazo mpaka mchenga wonse utachoka, n'kuzikazinga m'phale pamodzi ndi nthanga ndi gaga wofewa uja. Fungo lake ndimalimvabe, la nsomba yopsa pang'ono losakanikirana ndi la mtedza. Tinkasinja, kusefa, kusinjanso, n'kuthira masamba a chammwamba oumitsa pamthunzi. Ufa wake sunali wokongola. Unali wotuwa mobiriwira, ngati dothi la kudambo.

Anganga atauona analavula. "Mdzukulu wanga si nkhuku. Zonyansazi zisalowe m'nyumba muno." Ndiye ufawo unkakhala m'chitini kwa Abiti Mussa. Amayi ankabereka Yusufu ngati akupita kukatunga madzi, n'kukhotera kuseri kukamumwetsa. Anapita nayenso kusikelo mobisa, ndipo kumeneko anawapatsa mankhwala n'kuwauza kuti phalalo asalisiye. Zinkandipweteka kuti chinthu chothandiza tizichita ngati akuba, pamene mizu yowawa ankamumwetsa poyera, pakhonde, anthu akuona.

Sanachire msanga. Poyamba ankalavula. Kenako anayamba kutsegula pakamwa yekha akaona supuni. Kutupa kunaphwa, khungu linasiya kusenda. Mango atayamba kupsa, tsiku lina anagwira mtondo n'kuimirira, miyendo ikunjenjemera, ndipo anaseka.

Anganga analulutira mpaka anthu anasonkhana. Anauza aliyense kuti sing'anga uja ndi wamphamvu, tsempho yathawa, ndipo anagwira tambala wathu wamkulu kukamuthokoza. Ine magazi anawira. Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za thumba langa, za chitini chija, koma amayi ananditsina pantchafu.

"Khala chete. Wachira, basi."

Ndinakhala chete. Abiti Mussa anali kusesa pabwalo pawo, akumva zonse, ndipo sanadzutse mutu. Ababa anakhala ndi dzina loipa lija mpaka tsiku lomwe tinawaika, pa mlandu umene ndimakhulupirira kuti sanapalamule.

Lero ndili ndi mwana wanga wamkazi, ndipo ufa uja ndimaupanga. Sukulu sindinapite nayo patali, koma ndikapita ku Mangochi ndimaona ufa wa chammwamba uli m'mapaketi okongola, anthu ovala bwino akugula mosanyinyirika. Kumudzi kuno mtengo womwewo mbuzi zimangodya, nthanga zikuolera kudzala, ndipo ine ndikayala thumba pansi pa thandala akazi anzanga amakodolana. Zimandikwiyitsa, koma mkwiyo wanga umathera m'mimba, monga wa amayi.

Mwezi wathawu ndinapita kwa Yusufu. Tsopano ndi msodzi wa mapewa aakulu, ali ndi mkazi ndi mwana wamwamuna. Nditamunyamula mwanayo ndinaona tsitsi lofiira, ndipo m'chiuno munali kachingwe katsopano. Apongozi ake anali pakhonde, osamulankhulitsa Yusufu. Mawa lake Yusufu anandipeza kugombe nditagwada ndi thumba.

"Achemwali, mwayamba kuweta nkhuku?" anaseka.

Ulendo uno panalibe wonditsina.

"Nkhuku yake ndiwe," ndinatero, anthu onse akumva. "Miyendo ukuimirayo inachokera pansi pa thandala ngati ili. Kachingwe sikanakuchiritse. Tenga mwana upite naye kusikelo lero, pobwera udutse kwathu."

Sanasekenso. Masana anafika, mwana ali kumsana kwa mkazi wake, iye atanyamula lichero la nthanga zimene anapempha yekha kwa anansi.

Kale ndinkaganiza kuti phunziro la Abiti Mussa linali lakuti chakudya chimabisala m'zimene timataya. Zimenezo n'zoona. Koma tsopano ndazindikira kuti ufa tinkabisa uja unachiritsa mwana mmodzi yekha, pamene bodza tinalisiya poyera linakula mpaka kudzamanga kachingwe m'chiuno mwa mwana wake. Chitini changa sindichibisanso. Chimakhala pakhonde, ndipo wofunsa ndimamuuza zonse zili m'menemo.