Manja a Kabaza Mumlengalenga

Tsiku limene Binwell Zefaniya analepheranso mayeso, anatsika m'kandege n'kukhala pafumbi osavula n'chipewa chomwe.

Kandegeko ndi kaja kokwera anthu awiri, ka mapiko a nsalu, kolira ngati njinga yamoto. Kuuluka ankatha kale. Chinamukanika ndi maphunziro apamwamba: kutera pabwalo lalifupi injini itazimitsidwa, mphepo ikuwomba cham'mbali. Bungwe lomwe linkaphunzitsa Binwell ndi anzake kufupi ndi Matope linkafuna anthu okasiya mankhwala kumidzi ya kumapiri mvula ikadula misewu. Wolephera, ulendo wa kwawo.

Misewu imeneyo Binwell ankaidziwa bwino. Mayi ake anatsirizikira pamachira, anthu akulimbana ndi matope panjira ya ku Nsambe. Iye anasiya sukulu n'kuyamba kabaza. Fomu 4 anadzailemba ali ndi ndevu kale.

"A Zefaniya, mutu wanu ndi wabwino," anatero a Laimoni, mphunzitsi wake. "Koma manjawo akadali a kabaza. Mwayi watsala umodzi basi."

Sananame ayi. Panjinga ukafuna kumanja, umakhotetsera kumanja. Kandege aka n'kamakani: chitsulo chowongolera umachikankhira kumanzere kuti upite kumanja. Binwell ankadziwa zonsezi, koma mantha akangomugwira, manja ankathawira ku kabaza.

Zinamuwawa zedi. Koma atafika kwawo patchuthi, anamanga katungwe pamtengo wa nachesi, kutsogolo kwake n'kukhomera nsungwi yopingasa. Akaikankhira kumanzere, thupi linkapita kumanja, ndendende m'kandege. Mlongo wake Yunike ndiye anali mphepo: ankangomutulukira kumbuyo n'kumukankha mosachenjeza.

Anzake a kabaza akamadutsa, kuseka kwake!

"Apailoti! Lero mukutera ku Joni kapena pa Boma?"

"Achimwene, anthutu akuti mwapenga," anadandaula Yunike.

"Asiye. Kankhanso."

Anagwa kangapo, zigongono zinasupuka, chingwe chinaduka. Iye n'kumanganso.

Tsiku la mayeso, ali m'mwamba, a Laimoni anazimitsa injini. Kunangoti zii. Akuyandikira bwalo, mphepo yochokera ku Shire inawamenya m'nthiti, kandege n'kupendekeka. Mantha anabwera ngati kale. Koma manja sanadikire kuuzidwa. Anakankha okha, mbali yoyenera. Matayala anagunda pansi, kandege kanathamanga pang'ono n'kuima, bwalo likadalipo.

A Laimoni anamuyang'anitsitsa. "Kodi manja awa mwawagula kuti?"

"Pansi pa nachesi, bwana."

Dzinja litafika, misewu inadukanso. Binwell ananyamuka ndi bokosi la mankhwala kulowera ku Nsambe. Ali m'mwamba anaiona njira ija, yofiira, yamatope, pomwe anthu anatsitsa machira a mayi ake. Analira, sanabise. Kenako anapukuta misozi n'kutera bwinobwino pabwalo la mpira. Oyamba kuthamangira bokosilo kuti alifikitse kuchipatala anali anzake a kabaza aja.

Abale anga, mwina nanunso muli ndi chizolowezi chakale chomwe chimakugwetsani pomwepomwe mwatsala pang'ono kufika. Sikuti ndinu mbuli ayi. Manja amaphunzira mochedwa kuposa mutu, koma amaphunzira ndithu. Okusekani asiyeni aseke. Mangani katungwe wanu, mukagwa mudzuke, ndipo mtima wokhawo musautaye.