Zigubu za Bwana M'chipinda cha Nuriya

Nuriya ndi mayi wa ku Namwera, ndipo chifikireni ku Doha amagwira ntchito ya m'nyumba ku Al Markhiya, mpanda umodzi ndi kumene ndimagwira ine. Ndi munthu waukhondo wofika potopetsa, woti kapu yotsuka kale amaitsukanso. Ndi Msilamu, swala saphonya, ndipo mowa sanaulawepo chibadwire.

Bwana wake ndi mzungu wokonda kudzitama kuti vinyo amamudziwa. Kuno mowa sugulidwa mwachisawawa, umafuna chilolezo, ndiye bamboyo anaganiza zofulula wakewake woti adzamwere nkhukundembo ya Khirisimasi. Anathira juwisi wa mphesa, shuga ndi yisiti m'zigubu zitatu. Nyumba yonse ija, zipinda mbwee, iye anakasankha kachipinda ka Nuriya, ati chifukwa alendo safikako. Kachipindako n'kopanda zenera, ndipo ukaika bedi ndi sutikesi, malo otsala ndi oyalapo mkeka woswalira basi.

Ndinalowamo kamodzi. Munali fungo ngati la nthochi zovunda kudzala, zigubu zikungowira, thovu likutsetserekera pansi.

"Iwe, ukugona bwanji muno?" ndinamufunsa. "Kapange complain kwa madam."

"Ndinayesa, Winnie. Anangoti khalas, nkhani yatha, mpaka Christmas basi, n'kundipatsa air freshener. Wallah, ndikamaswali mphumi imakagunda pafupi ndi chigubu."

Fungolo linalowa m'zovala ndi m'mipango yake yonse. Lachisanu tikakumana ndi amayi anzathu ku Al Muntazah, ena ankasendera kutali mochenjera. Zimenezo ankapirira. Chimene ankaopa ndi mbiri yake kumudzi, chifukwa apongozi ake, mayi a mwamuna wake Cassim, sanafune n'komwe kuti iye abwere kuno. Ankati akazi opita kunja amakatayirira. Ndipo mwana wa Nuriya, Warda, amasungidwa ndi agogo omwewo.

Warda uja Nuriya anali atamugulira diresi yoyera ndi mpango wake, zovala popita ku madarasa. Inakhala m'sutikesi, pambali pa zigubu, mpaka Edwin, dalaivala wina wa kwathu, atanyamuka kupita kutchuthi. Nuriya anaiyanika, anainunkhiza, naona kuti ili bwino, napatsira Edwin. Koma mphuno zake zinali zitazolowera.

Pa Khirisimasi masana madamu a Nuriya anandibwereka kuti ndikathandize kukhitchini. Nkhukundembo ili mu uvuni, bwana anatunga m'chigubu chilichonse, naitana alendo kuti asankhe vinyo woyenerana ndi nyamayo. Zimene ndinaona, abale! Anthu akuluakulu ndithu kuzunguza madzi onga matsukwa m'matambula, kulowetsamo mphuno, kuchukucha m'kamwa, kenako kulavulira m'mbale imodzi. Mbale ya malovuyo ankapatsira Nuriya kuti akataye. Anasankha chigubu chachiwiri, ati n'chimene chikugwirizana ndi nyama yoyera ya nkhukundemboyo. Anaomba m'manja, bwana n'kulengeza monyadira kuti afulula zina zambiri za chaka chatsopano. Ine zinandinyansa mpaka njala inatha.

Tikukonza msuzi, foni ya Nuriya inalira. Unali uthenga wa mawu wochokera kwa Warda, ndipo anautsegula ine ndikumva.

"Amayi, diresi ija yafika, koma agogo andiletsa kuvala. Akuti ikununkha kachasu, sindingalowe nayo ku madarasa. Auza ababa kuti mwayamba kumwa. Amayi, n'zoona?"

Nuriya sanalire. Anapukuta m'manja, nalowa m'kachipinda kake, natuluka atakumbatira chigubu. Ndinamugwira mkono.

"Iwe, akupanga cancel visa!"

"Achite. Yalla, fulumira, tanditsegulira chitseko."

Ndinatsegula. Anakachikhazika patebulo penipeni, pambali pa nkhukundembo, thovu lakuda likuyenderera pansalu yoyera ya madamu. Anabwerera kukatenga chachiwiri, kenako chachitatu. Fungo lonse lija, limene iye anagona nalo nthawi yonseyi, linadzaza chipinda chodyera. Mayi wina anatseka mphuno ndi kansalu kopukutira pakamwa. Anthu omwe aja amene ankatama vinyoyo m'matambula analephera kumupirira m'chigubu.

"Sir," anatero Nuriya, "wine wanu azigona kuno. Ku room kwanga ndimaswalirako."

Bwana anafiira mpaka m'makutu. Sanathe kukalipa, chifukwa akanayamba phokoso, nkhani ya mowa wofulula m'nyumba, umene kuno ndi woletsedwa, ikanatuluka kunja kwa mpanda. Zigubu zinasamukira ku bafa yake, ndipo Nuriya ntchito akugwirabe, ngakhale madamu amangomuyankha ndi mutu.

Koma kumudzi nkhani siinathe. Nuriya anafotokozera Cassim zonse, iye akuti wamva, koma amayankha mwachidule. Apongozi salandira foni ya Nuriya mpaka lero.

Nuriya anagulanso diresi ina yoyera, ndipo ikudikira munthu wopita kwathu. Ili m'chipinda changa, m'majumbo awiri omanga kukamwa. Akabwera kudzaiona saikhudza. Amaima patali n'kundipempha kuti ndiinunkhize ineyo, chifukwa mphuno zake sazikhulupiriranso.