Mafupa a amuna anga atayamba kuthyoka okha

Anthu inu, zimene ndikuuzenizi zinachitikadi, ndipo amene anaona akadalipo ku Ngauma, kawafunseni ngati sachita manyazi kuyankha.

Ine kwathu ndi ku Cuamba, bambo anga ankagwira ntchito kunjanji, ndipo ndinakwatiwa ndi mlimi wa fodya wa ku Ngauma, munthu wofatsa, woyambitsa nyimbo kutchalitchi. Abale awo sanandikonde chiyambire, akuti Chinyanja changa chimanunkha Chimakhuwa, koma ndinkapirira poti banja linali langa.

Chaka china amuna anga anayamba kudandaula msana, ife n'kumati ndi khasu, nanga mlimi wake uti sadandaula msana? Koma tsiku lina masana tili m'chigafa, anangotambasula mkono kuti apachike fodya, ndinangomva kuti thyo! ngati nthambi youma, pocheuka ndinaona mkono wapindika pamalo popanda mfundo. Sanagwe, sanamenyedwe, fupa linathyoka lokha. Kuchipatala ku Mandimba anaumanga, koma usanapole nthiti nayo inathyoka akutsokomola. Munthu anayamba kufupika ndikuona, mpaka buluku kumakwekwereza pansi.

Apa m'pamene alamu anga aakulu ananditembenukira, akuti ndine ndikudya mafupa a m'bale wawo. Anthu oti Lamulungu timaimba nawo limodzi! Tsiku lina dzuwa likuswa mtengo anabwera chigulu, anandikokera panja nsalu yanga ya kapulana ikumasuka, n'kundikankhira m'chigafa muja, wina atagwira chikuni choyaka, akuti ndiulule pomwe ndabisa mafupawo, apo ayi andiotchera momwemo pamodzi ndi fodya. Chikuni chinafika pafupi mpaka tsitsi langa linayamba kununkha kupsa, ndipo sindibisa, mkodzo unatsika m'miyendo. Amuna anga, oti samathanso kuima, anakwawa kuchoka pamphasa mpaka pabwalo akulira ndi ululu, n'kunena kuti wofuna kuotcha mkazi wawo ayambe waotcha iwo. Ndimo m'mene anandisiyira.

Mlongo wanga atamva anabwera kudzatitenga, tinapita ku Cuamba. Kuchipatala cha kumeneko dotolo atamvetsera za mafupa aja, kutopa ndi kuchepa kwa magazi, anatenga magazi n'kuwatumiza kutali kuti akapimidwe mwa njira yotchedwa eletroforeze. Anandifotokozera kuti m'magazi muli mapuloteni amitundumitundu, ndipo akadutsitsamo magetsi mtundu uliwonse umayenda liwiro lake n'kukaima pamalo pake. Zotsatira zitabwera anandionetsa pakompyuta, timapiri ting'onoting'ono tondondozana, koma chakumapeto chinthu chosongoka, chachitali ngati chulu, pamalo poti sichinayenera kukhalapo. Atapimanso mafuta a m'mafupa anati ndi khansa yotchedwa miyeloma, imene imadya fupa kuyambira m'kati ngati anankafumbwe m'chimanga.

Ndinalira, koma misozi yambiri inali ya ukali. Ndinaitanitsa alamu aja, anabwera atatchena jekete, dotolo anawafotokozera zonse mwaulemu, ndipo mukudziwa anayankha chiyani? Akuti magetsi saona ufiti. Liwu loti pepani silinatuluke, ndipo mpaka lero silinatuluke.

Amuna anga anakana kubwerera ku Ngauma. Ndinawasamalira kunyumba ya makolo anga, kuwasambitsa, kuwatembenuza pang'onopang'ono kuopa fupa lina lingathyoke, mpaka anatisiya. Pamaliro abale aja anakhala patsogolo, kulira kwake kuposa ine.

Chimene ndimakhulupirira tsopano n'chakuti anthu aja sankafunafuna chimene chikudwalitsa m'bale wawo, ankafuna munthu woti amude, ndipo ine ndi amene ndinali pafupi. Ndiye ndikukuchenjezani, wanu akamadandaula msana osaleka, kapena fupa likathyoka popanda chifukwa, thamangani naye akamupime magazi, ife tinachedwa. Ndipo musanayatse chikuni kulunjika kwa mkazi wa munthu, dzifunseni kuti mukamuotcha, wodwala wanuyo azimutembenuza ndani?