Mutu wa Gwape pa Khoma la Alamu

Bambo a ana anga anayamba zosaka nyama atakula kale, imvi zitayamba kutuluka. Anawakopa ndi mzungu wina amene ankagwira naye ntchito ku fakitale ya zipangizo za galimoto kuno ku Oshawa, m'dziko la Canada. Novembala akakwana ankavala chijekete chawo cha olenji n'kulowera kumpoto, kunkhalango, ndipo chaka ndi chaka ankabwerako ndi chimfine basi. Ine ndinkawachingamira pakhomo ndi mpeni ndi beseni, mwadala.

"Ndiwo zili kuti, alenje?"

"Iwe mayi, dikira. Tsiku lake likubwera."

Linabweradi. Anapha gwape wamphongo, osati kagwape ka kwathu kaja ayi, koma chinyama chofika pa msinkhu wa thole, cha nyanga zanthambinthambi. Munthu wamkulu, wa ana a kukoleji, anavina pabwalo kunja kukuzizira, mpaka aneba anasuzumira pawindo. Nyama tinaiduladula n'kuilonga mufiriji yaikulu ya m'chipinda chapansi. Mutu ndi chikopa cha m'khosi mpaka m'mapewa anazikulunga okha m'mapulasitiki, osalola wina aliyense kukhudzapo.

Alenje a kuno amakapereka mutu wotere kwa mmisiri. Iye amafufuta chikopacho, n'kuchiveka pa chidole choumbidwa ngati khosi ndi mutu wa gwape, n'kuikapo maso agalasi ndi nyanga zija. Akachita bwino, nyamayo imaoneka ngati yangosuzumira kuchokera m'khoma. Amuna anga anayendera amisiri angapo, n'kusankha mdala wina wa kumafamu, kumpoto kwa tauni yathu. Ananditengera komweko kuti ndikaone. Agwape ake anali ndi mphuno zooneka zonyowa, makutu ali tcheru, moti ndinatsitsa mawu polankhula. Atatchula mtengo ndinaimba mluzu. Atanenanso kuti ntchitoyo imatenga pafupifupi chaka, ndinayang'ana amuna anga.

Tili m'galimoto anandiuza kuti, "Gwape ameneyu ndamusaka zaka zonsezi. Sindingamupereke kwa munthu wothamanga." Anakonza zoti akamupereke tikapuma ku zogula za Khirisimasi. Mu Febuluwale mtima wawo unaima ali kuntchito, ndipo sanabwererenso kunyumba.

Amene anakhalapo pa maliro a kwathu akudziwa malo a mkazi wamasiye. Ngakhale kuno ku Canada, amayi a kumpingo anachotsa mipando pabalaza, n'kuyala matiresi pansi, n'kundikhazika pakati pawo. Pamenepo suimirira chisawawa, sufunsa za kukhitchini, sukweza mawu. Nyumba yako amaiyendetsa ena. Yanga ankaiyendetsa alamu, akulu awo a amuna anga, amene amakhala ku North York, mumzinda wa Toronto, m'nyumba zosanjikizana zija.

Alamu ndi munthu amene sagula chinthu pa mtengo wa anthu onse. Ali ndi munthu wawo wa matayala, munthu wawo wa matikiti a ndege, ngakhale wozula mano ali naye wawo. Tsiku lachiwiri la maliro anatsikira m'chipinda chapansi kukafuna ndiwo za anthu. Nyama ya gwape ija inaphikidwa n'kudyedwa, ndipo zimenezo sindidandaula nazo, chifukwa mwini wake akanakondwa. Koma anapezamonso phukusi la mutu lija. Anabwera kudzanjuta pafupi ndi matiresi anga, amayi onse akumva.

"Alamu, chimutu chija chikungodya malo mufiriji. Musawori, ndihandula ndine. Ndili ndi munthu wanga ku Etobicoke."

"Anali atasankha kale mmisiri wawo," ndinatero chapansipansi.

"Aja ndi akuba, alamu. Wangayu ndi hafu ya mtengo, ndipo mwezi sutha. Ndikusevelani ndalama, muli ndi ana."

Mayi wina wachikulire anandigwira bondo, kutanthauza kuti ino si nthawi yake. Ndinamva chitseko cha galimoto yawo chikutsekedwa panja.

Mwezi sunathedi. Alamu anafika Loweruka lina masana atanyamula chinthu chofunditsidwa bulangete, nkhope ili mwee. Atavundukula, mwana wanga wamkazi, amene anabadwira kuno ndipo Chichewa chimamuvuta, anachipeza tsiku limenelo. Anati, "Mami, no. Ameneyo si wa adadi."

Diso limodzi linkayang'ana kudenga, linalo kukhomo. Makutu anali atagwa ngati a galu wokalipiridwa. Pakamwa panali posokedwa ndi ulusi wooneka, mlomo wam'mwamba utakwinyika, moti nyamayo inkachita ngati yamva nthabwala yotukwana. Khosi, limene ndinaliona ndi maso anga lili lonenepa, linali litafota. Nyanga zokha ndi zimene ndinazizindikira.

"Mwaona? Fasiti fasiti," anatero alamu. "Azungu aja akanakudyerani ndalama zaulere."

Ndinawathokoza. Inde, ndinawomba m'manja n'kuwathokoza, n'kuwapatsa tiyi. Atapita ndinakhala pamasitepe n'kulira kulira kumene sindinalire ngakhale kumanda.

Sabata yotsatira, nditaweruka ku nyumba yosamalirako okalamba kumene ndimagwira ntchito, ndinanyamula chinthucho kupita nacho kwa mdala wa kumafamu uja. Anawakumbukira amuna anga, ndipo anavula chipewa nditamuuza za imfa yawo. Anatsina ubweya wa pakhosi, n'kutsala nawo m'zala. Ananunkhiza m'khutu n'kutembenuza nkhope. Anandiuza kuti chikopacho sichinafufutidwe n'komwe. Munthu uja anangochiwaza mankhwala a ufa n'kuchiumitsa, timinofu tikadali momwemo, ndipo kukayamba kutentha chidzanunkha n'kuitana tizilombo. Ndinamufunsa ngati angachikonze pa mtengo uliwonse. Anapukusa mutu. Anati chomwe akanatha n'kuchotsa nyangazo n'kuziika pa chikopa cha gwape wina. Ndinakana. Gwape wa munthu wina ndikanatani naye pakhoma panga?

Pobwerera sindinalire. Ndinali nditakwiya, mkwiyo wozizira umene sufuna phokoso. Ndine mkhristu, ndimaimba kwaya ya amayi, koma tsiku limenelo ndinaganiza zobwezera, ndipo ndinaziganiza mofatsa. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha. Chinthucho ndinachikulunga n'kuchibwezera mufiriji momwe chinachokera, kuti chisayambe kununkha nthawi yake isanakwane.

Kwathu, pakapita nthawi munthu atamwalira, abale amasonkhana n'kugawana katundu wa malemu, kuti aliyense atsale ndi chomukumbukira. Malamulo a kuno sandikakamiza kutero, ndipo alamu ankadziwa. N'chifukwa chake ankangozungulira nkhani. Amati akabwera, amayamba kaye aima pafupi ndi galimoto ya amuna anga, ya bokosi kumbuyo ija, n'kumaisisita. "Injini ikamangokhala imafa, alamu." Ine ndinkangoti, "Zoona, alamu." Kenako ndinawauza kuti ndikufuna tichite mwambowo monga kwathu, ndipo iwo, monga wamkulu pabanja, ndawasungira chinthu chimene mng'ono wawo ankachikonda kuposa zonse. Anabwera pa basi tsiku limenelo, kuti pobwerera asavutike ndi magalimoto awiri.

Munali mu Meyi, kunja kutayamba kufunda. Pabalaza panadzaza. Panali akulu a mpingo, amayi a kwaya, anzathu a ku Zambia, ndi mzungu wosaka nyama uja. Tinapemphera. Majekete ndi nsapato zinapita kwa adzukulu, zitsulo za m'galaja kwa mnzawo wa kuntchito. Makiyi a galimoto ndinawapereka kwa mwana wanga wamwamuna, ndipo alamu anawatsatira ndi maso. Kenako ndinatsikira pansi, n'kubwera ndi phukusi langa. Ndinagwada pamaso pawo, chitenje chili m'chiuno.

"Alamu, inu ndinu bambo athu tsopano. Mng'ono wanu anamusaka gwape uyu zaka zambiri. Ine nditakhala pa matiresi, osatha kudzithandiza, ndinu amene munadzipereka kumupezera mmisiri. Sindingakhale wodzikonda. Ntchito ya manja anu ikakhale m'nyumba mwanu, pabalaza, kuti aliyense wolowa azimukumbukira mng'ono wanu."

Ndinavundukula. Mzungu uja anatsokomola n'kutuluka panja. Mayi wina wa ku Chipata anabisa nkhope m'chitenje, mapewa akugwedezeka. Koma mkulu wa mpingo, munthu wabwino amene maso ake saona patali, anaimirira n'kunena kuti sanaonepo mkazi wamasiye wa mtima wotere. Anati cha malemu sakana, ndipo iye mwini adzabwera kudzapemphera tsiku lochipachika. Anthu anawomba m'manja. Alamu analandira ndi manja awiri. Akazi awo anandiyang'ana diso limene sindidzaliiwala, ndipo ndinalilandira ndi mtima wonse. Anabwerera ku North York pa sitima ndi pa basi, gwape ali pamiyendo.

Anachipachikadi, pamwamba pa sofa yoyera ya akazi awo, mkulu wa mpingo ataimirira pomwepo. Ine ndinaonetsetsa kuti chisatsike. Aliyense wopita ku North York ndinkamutuma kuti, "Mukandionereko chikumbutso cha bambo a ana." Alendo ochokera kumudzi ndinkawaperekeza ndekha. Ndikalowa ndinkaima kutsogolo kwake kanthawi, mutu uli chowerama, kenako n'kufunsa ngati akuchipukuta fumbi.

Julaye wa ku Toronto ndi wotentha ndiponso wachinyezi. Fungo linayamba ngati la mbewa yofera kudenga. Akazi a alamu anagula makandulo onunkhira, koma zinangosakanikirana n'kuipiratu. Ubweya unayamba kuyoyokera pa sofa. Kenako kunabwera tizilombo, timene titamaliza gwape tinalowa m'kapeti ndi m'majuzi a ubweya. Misonkhano ya mapemphero a m'mabanja imene inkachitikira kwawo inasamukira kwina popanda wonena chifukwa. Ana a anthu anamupatsa gwapeyo dzina, n'kumajambulitsa naye. Ndinamva zonsezi, ndipo sindinama, ndinkagona tulo tabwino. Choipa chitsata mwini.

Chakumapeto kwa chilimwe alamu anandiimbira foni m'mawa, ndikukonzekera kupita kuntchito. Mawu awo anali ang'onoang'ono.

"Alamu, nkhani ya mutu uja. Akazi anga akuti asamuka. Ndaganiza kuti tiutengere kwa mdala wanu uja wa kumafamu, aukonzenso bwinobwino. Ndilipira ndine, mtengo uliwonse."

"Munthu wanu wa ku Etobicoke watani?"

"Foni yake sikugwira." Kenako anati, "Ndinalakwitsa, alamu. Ndimafuna kuthandiza."

Mwina ankafunadi kuthandiza. Koma ine ndinali nditanena pa matiresi paja kuti mwini wake anasankha kale, ndipo anandimva.

"Kwa mdalayo ndinapitako kale, alamu, patangotha sabata mutabweretsa mutuwo. Akuti palibe chokonza."

"Ndiye munkadziwa? Nthawi yonseyi?"

"Ndinkadziwa."

Kenako anafunsa kuti, "Nanga sangapeze chikopa china?"

"Zikopa zilipo zambiri, alamu. Koma chimene anasenda mng'ono wanu ndi manja ake chinali chimodzi chomwecho, ndipo iye kunkhalango sapitakonso. Ngati mukufuna kuutsitsa, utsitseni. Mukautaye nokha kudzala, ndipo mukawauze akulu a mpingo kuti mwataya chiyani."

Mpaka lero ukadali pakhoma.