Chikumbu cha Aphunzitsi

Mayi Belita sanagwirepo chiwongolero chibadwire, koma pa Migowi panalibe wodziwa zikumbu kuposa iwo. Ndikunena timagalimoto tija ta msana wozungulira, ta injini kumbuyo, tosamwa madzi, tongozizira ndi mphepo. Iwo anali telala pakhonde la sitolo, ine ndinkagulitsa nandolo ndi mchere pambali pawo, choncho zambiri ndinaziona ndi maso anga.

Amuna awo, a Hector, anali mphunzitsi wochokera ku Ntcheu. Chikumbu chawo chobiriwira anachigula ku mishoni chitatopa kale. Chinkanyamula banja lonse, ana atatu kumbuyo, nkhuku pamiyendo, chikulira ngati kachigayo. Chikakana kulira, okankha tinali ife anansi, ndipo zikomo wake anali utsi.

M'mawa wa tsiku la napolo, mu 1991, a Hector ananyamuka mvula ikugwa. Anatenga mutu wa makina osokera a akazi awo kuti akaukonzetse kwa a Laston, okonza makina ku boma. Phiri la Michesi linakhuthula miyala ndi matope, ndipo munthu ndi galimoto yomwe sizinaonekenso. Ambiri anapita tsiku limenelo osapezeka. Abale awo ankadula thunthu la nthochi, kulikulunga m'nsalu, n'kuliika m'manda m'malo mwa mtembo kuti maliro athe. A ku Ntcheu anabwera kudzachita chimodzimodzi, koma a Belita anakana.

Chinawakanitsa ndi pakamwa pa anthu. Wamalonda wina anati anachiona chikumbucho ku Milanje, kutsidya la malire, mutakwera mkazi kutsogolo. Poti aphunzitsiwo anali ndi kambiri kawo kumeneko asanakwatire, nkhani inakoma. Madzi saiwala khwawa, ankatero anthu, ena n'kuwonjezera kuti ndi makina omwe anakapatsa mnzawoyo. A Belita anati sangalire munthu amene mwina akudya bwino kwina. Anabwereka makina n'kubwerera pakhonde, osadziwa ngati ndi wamasiye kapena wosiyidwa.

Kuyambira pamenepo, chikumbu chilichonse chomveka mbiri ankapita kukachiona. Anakwera njinga mpaka ku Chiringa, n'kukapeza choyera chitasanduka khola la nkhuku. Ku Nkhulambe anapeza cha zenera lakumbuyo laling'ono ngati dzira, anachiyang'ana kamodzi n'kunena kuti chimenecho n'chachikulu msinkhu kuposa chawo. Ankadziwa kusiyanitsa nyali, mabampa, ngakhale zogwirira zitseko. Kukamveka kulira kuja pamsewu, phazi linkaima pamakina, khutu lili tcheru. Kenaka ankangoti ndi kombi, si chikumbu, n'kupitiriza mzere wawo. Ife tinkawaseka kuti boma liwalembe ntchito yapamsewu. Sankakwiya, komanso sankaseka nawo.

Matipate atabwera, msewu unadzaza maminibasi ndi magalimoto akaunjika, zikumbu n'kuyamba kutha. Kulira kuja kunasowa. Ana anakula, ndipo wamkulu, Ethel, anatopa nazo, ankangoti amayi aleke kuthamangitsa zitsulo. Ine ndinkawamvera chisoni, koma kunena zoona nanenso ndinali nditakhulupirira za ku Milanje.

Chilimwe cha 1998, amuna oumba njerwa kumunsi kwa mtsinje wa Phalombe anagunda denga la galimoto ndi khasu. Anakumba, anapeza chigoba chokhachokha, chopanda utoto, chopanda nambala, zitseko zitachoka. Mmodzi wa iwo, a Cornelius, anabwera kudzagula mchere kwa ine akuseka. Anati anakanula boneti kufuna injini yogulitsa kwa osula mbaula, koma anapezamo kainjini kochititsa manyazi, kokhala ndi gudumu limodzi, koti mwana anganyamule m'manja. Anthu akale ankayenda ndi chikhulupiriro basi, anatero.

Phazi la a Belita linaima.

“Mwati mwatsekula kutsogolo?”

“Nanga injini imakhala kuti, mayi?”

A Belita anaimirira. Anavundikira makina ndi chitenje, n'kundiuza kuti ndiwaperekeze.

Tinafika masana, dzuwa likuswa mtengo. Chigobacho chinali m'dzenje, chopendekeka, msana wake wozungulira uli poyera. A Belita anatsika, anazungulira kumbuyo, n'kuuza amunawo kuti akumbe pamenepo. Injini inatulukadi, yodzaza mchenga, amuna aja n'kuyang'anana. Kenaka anapita kutsogolo, kosungira katundu, n'kugwada. Kainjini ka a Cornelius kanali mutu wa makina osokera, wadzimbiri lokhalokha. Anaupukuta ndi mpango wawo mpaka panaoneka chidutswa cha sipoko ya njinga, chimene a Hector anapinda okha kuti chizigwira ulusi.

M'galimotomo munalibe fupa ngakhale limodzi. Madzi anatenga munthu n'kusiya zitsulo. Koma mphuno ya chikumbu inali pansi pa matope a Michesi, kutali ndi Milanje, ndipo aliyense amene anaima pamenepo anamvetsa. Ine ndinachita manyazi, ndinangoyang'ana ku uvuni wa njerwa.

A Belita sanalire. Anamanga mutu wa makinawo m'chitenje n'kuusenza, anakana kuti ndiwalandire. Tinauyamba ulendo wobwerera. Tikuyandikira Migowi anayankhula, maso ali kutsogolo.

“Zaka zonsezi ndakhala ndikuwatukwana mumtima. Iwo anati mvula iyambe yakata. Ndine ndinati pitani, mayunifolomu a anthu akudikira.”

Atafika pakhomo anatula katunduyo pakhonde, anaitana Ethel, n'kumuuza kuti atumize uthenga ku Ntcheu. Atatero anatenga chikwanje n'kulowera okha kudimba la nthochi.